Malilime Asanu a Bambo Mkwapatira

Usiku wathawu a Mkwapatira, mkulu wa mpingo kwathu kuno ku Chilomoni, analota maloto amene atifotokozera m'mawa uno. Nkulakwa kuwabisa malotowo, pakuti mwezi uno wa Januwale anthu ambiri akuyenda atasenza malonjezo olemera kuposa miyendo yawo. Koma kuti amveke bwino, muyambe mwadziwa chimene chinawagoneka bambowa ndi mtima wosweka.

A Mkwapatira ndi mwinimbumba, ndiponso ndi nkhoswe ya Ndaziona, mwana wa mlongo wawo. Ndaziona anakwatiwa ndi Armindo, mwamuna wa ku Maputo amene amagwira ntchito ya zamtengatenga ku Limbe, ndipo ali ndi mwana wamkazi wa zaka zinayi, dzina lake Selesite. Chaka chathachi Armindo anafuna kuti mwanayo akaleredwe ndi amayi ake ku Maputo, monga mwa mwambo wa kwawo. Ndaziona anakana, anabereka mwana wake, nabwera kudzakhala kwa amalume ake.

Ankhoswe anakumana. Koma nkhoswe ya mwamuna, a Mabunda, sadziwa Chichewa kapena Chingerezi, ndipo a Mkwapatira sadziwa Chipwitikizi. Ndaziona Chipwitikizi chake nchongopatsira moni, komanso mwambo unamukhazika pamphasa mutu uli pansi. Ndiye womasulira anakhala yani? Mkamwini yemweyo, mwini mlandu! A Mkwapatira ananena momveka kuti, "Mwana uyu ndi wa mbumba yathu, sapita kulikonse." Armindo anatembenukira kwa a Mabunda nayankhula mawu ataliatali okoma m'khutu. A Mabunda anamwetulira, anaimirira, anakumbatira a Mkwapatira, nabwerera kwawo. Pa Khirisimasi kunafika uthenga woti bedi la mwana lakhomedwa kale ku Maputo, kuti a Mabunda adzabwera pa Pasaka kudzamutenga, ndiponso kuti akuthokoza a Mkwapatira chifukwa cha kumvetsa kwawo.

Pamenepo bambowa analumbira kuti mawu awo sadzadutsanso pakamwa pa munthu wina iwo asakumva chimene chikutuluka. Anatsimikiza kuphunzira Chipwitikizi Pasaka asanafike, kuti adzakane okha ndi kumva yankho ndi makutu awo. Cholinga chinali chabwino, ndipo chinali chimodzi.

Tsoka linadza pa mapemphero olowera chaka chatsopano, pa nthawi yoti aliyense anene chimene akufuna kuchita m'chakachi. A Chikakuda, mkulu wa mpingo mnzawo amene akhala akupikisana naye kuyambira kale, anaimirira poyamba nanena kuti iwo aphunzira Chifalansa ndi Chigiriki cha m'Baibulo. Amayi anaimba nthungululu. A Mkwapatira anamva kutentha m'makutu. Ataimirira, m'malo motchula Chipwitikizi chokha, anaonjezera Chifalansa, Chigiriki, Chijeremani ndi Chitchaina. Tchalitchi chinagwedezeka ndi m'manja. Abale, opani m'manja mwa anthu pa tsiku loyamba la chaka, pakuti amene akuwomberani sadzakhalapo pa tsiku loyankha mlandu.

Ndiye m'malotomo a Mkwapatira anapezeka ali m'tchalitchi momwemo dzuwa lili paliwombo. Munalibe munthu, koma mabenchi anali kuwombabe m'manja. Mwadzidzidzi jekete lawo lakuda linayankhula kuchokera pakolala.

"Bwana, munawagwetsa. Ine ndinamva a Chikakuda akumeza malovu."

"Wolonjeza ndi mlomo," zinadandaula nsapato pansi, "koma woyenda ndife."

"Khalani chete nonse," anatero a Mkwapatira. "Muno ndi m'nyumba ya Mulungu."

Ndiye guwa linatsokomola ngati mlaliki woyamba ulaliki, nkunena kuti, "A Mkwapatira, malonjezo anu asanu aja agona pano, ndipo ine sindisunga katundu wa munthu. Pitani ku ofesi ya malilime mukatenge zanu. Pasaka sadikira."

Anatsegula chitseko cha tchalitchi, ndipo kunja sikunali bwalo la tchalitchi ayi, kunali depoti ya maminibasi. Oitanira anawathamangira ngati ntchentche zaona chilonda.

"Chifalansa, Chifalansa! Wotsala mmodzi!"

"Chijeremani, madala, sitiima panjira!"

"Chitchaina, bigi! Mukafika musanakhale pansi!"

"Chigiriki chiri apa, abusa, mpando wa pawindo!"

Wina anawalanda chipewa, wina ambulera, wina anawagwira lamba kumbuyo.

"Ndisiyeni, anthu opanda mwambo inu! Ine ndine mkulu wa mpingo!"

"Ndiye mpando wakutsogolo ndi wanu, madala. Mkulu sakhala pa injini."

Chakumapeto kwa depoti, pansi pa mtengo wa mthethe, panaima minibasi yakale yothothoka penti, yopanda woitanira. Pagalasi pake panali katoni yolembedwa kuti CHIPWITIKIZI. Minibasiyo inayankhula yokha ndi mawu otsika.

"Bambo, ya kumene mukufuna ndine. Ine sindidzadza ndi anthu, ndimadzadza ndi mawu, limodzi m'mawa, limodzi madzulo. Lowani mukhale pansi, tiyambe."

Nsapato zinatembenukira komweko zokha. Koma jekete linakoka mapewa awo.

"Bwana, chiphapha ichi? A Chikakuda akakuonani m'menemu adzati chiyani? Iyi tidzakwera pomaliza, sithawa."

Ndiye a Mkwapatira analowa m'minibasi ya Chifalansa, imene inali yonyezimira ndi yodzadza ndi anthu ovala bwino. Atangokhala pansi, munthu wa pambali pawo anatsika. Wina wa kumbuyo anatsikanso. Kenaka onse anayamba kutsika mmodzimmodzi akukutumula zovala.

"Kodi mukupita kuti? Si munati watsala mmodzi?"

"Ife ndife ongodzadzitsa, bambo," anayankha mayi wina. "Timakhala muno kuti odutsa aone ngati yatsala pang'ono kunyamuka. Januwale akapendeka timatsika."

Womaliza kutsika anali a Chikakuda, atanyamula Baibulo kukhwapa.

"A Chikakuda! Inunso?"

"Ine ndinangonena, mnzanga. Inu munamva ngati ndikupita?"

A Mkwapatira anafuna kuwadzudzula ndi vesi, koma oitanira ena aja anali asanawataye. Anakoka uku, anakoka uko, ndipo mwadzidzidzi bambowa anapezeka akwera maminibasi anayi nthawi imodzi: mutu m'ya Chigiriki, thunthu m'ya Chifalansa, mwendo wamanja m'ya Chijeremani, wamanzere m'ya Chitchaina. Onse ananyamuka, iliyonse msewu wake, ndipo a Mkwapatira anatamuka ngati mphira ya legeni, khosi lili ku Chirimba, chidendene chili ku Bangwe. Makondakitala anayi onse anali kuwauza kuti asunthe pang'ono alowe wina.

Ndiye anafika pa chipata cha pamsewu. Panali mkulu wa yunifolomu yakuda ndi kolala yoyera, amene anakweza dzanja maminibasi onse nkuima.

"Mutu uwu ndi wa ndani?"

"Ndi wanga," anatero a Mkwapatira pawindo.

"Nanga mwendo uli ukowo?"

"Ndi wanganso."

Mkuluyo akuyankhula choncho, mphuno yake inatalika nkuuma, manja anamera nthenga, kolala inazungulira khosi lonse, ndipo anasanduka khwangwala, chipewa chokha chili pamutu.

"Munthu mmodzi, maulendo anayi. Mukupita kuti, bambo?"

"Ndikupita kukaletsa mwana wa mbumba yanga kuti asatengedwe."

"Akumutengera kuti?"

"Ku Maputo."

"Ndiye mwa maminibasi awa, ya ku Maputo ndi iti?"

A Mkwapatira anayang'ana thunthu lawo, nayang'ana miyendo yawo kutaliko. Jekete ndilo linayankha lili m'minibasi ya Chifalansa.

"Bwana wathu ndi munthu wa masomphenya. Sayenda msewu umodzi ngati mbuzi."

"Mbuzi imafika," zinafuula nsapato, ina ku Chijeremani, ina ku Chitchaina.

Khwangwala anaseka mpaka chipewa chinagwa. Anatola ziwalo za a Mkwapatira chimodzichimodzi ndi mlomo, anauluka nazo pamwamba pa phiri la Michiru, nazigwetsa pakhomo pa nyumba yaitali ya njerwa zofiira. Zitagwa zinalumikizana zokha, kupatula kuti miyendo inasinthana, ndipo nsapato zinayamba kutukwanizana.

Imeneyo ndiyo inali ofesi ya malilime. M'kati munali alembi ovala mataye, ndipo a Mkwapatira atapereka moni mwaulemu, mataye aja anachita mawangamawanga, makosi anatalika, alembi onse anasanduka nkhanga. Zinayamba kulira nthawi imodzi.

"Bwerani mawa! Bwerani mawa! Bwerani mawa!"

"Mawa lanji? Ine ndili ndi mlandu pa Pasaka! Akulu anu ali kuti?"

Nkhanga zinabalalika, ndipo kuseri kwa tebulo lalikulu kunaoneka bwana wamkulu wa ofesiyo. Atapuma mpweya kuti ayankhule, khosi lake linafufuma, maso anatuzuka, suti inachita zobiriwira, ndipo pampando panakhala chule wamkulu ngati mtondo.

"Ndinu amene munalonjeza asanu?"

"Ndine."

"Pamaso pa mpingo?"

"Pamaso pa mpingo."

"Ndiye simungachepetse. Cholonjezedwa pagulu chimasokedwa pakhonde. Pitani kwa telala."

Pakhonde la ofesiyo panali telala ndi makina ake opalasa ndi phazi. Pamwamba pake panadutsa waya, ndipo pawayapo panapachikidwa malilime ambirimbiri ngati zovala zoyanika, ena aatali, ena okhuthala, onse akungolongolola. Telala anatulutsa tepi.

"Yasamulani, bambo."

Anayeza m'litali, anayeza m'lifupi, napukusa mutu.

"Pakamwa panu mpa malilime awiri: lanu lakale ndi lina limodzi. Ndisoke liti?"

"Sokani la Chipwitikizi," zinanong'oneza nsapato.

"Bwana analonjeza asanu," linatero jekete. "Kodi ukufuna amayi a m'tchalitchi abweze nthungululu zawo?"

A Mkwapatira anaganiza za nkhope ya a Chikakuda, naiwala nkhope ya Selesite. Apa mpamene munthu amagwera, abale: sagwa chifukwa chosadziwa chofunika, amagwa chifukwa choyang'ana amene akumuonerera.

"Asanu," anatero. "Ndipo mufulumire."

"Ndiye lakaleli tilichotse kaye, malo achepa."

Asanayankhe, telala anasomphola lilime lawo la Chichewa ndi lumo, nalipachika pawaya ndi chopanira zovala. Lilimelo linatsala likuwayang'ana, likunena lokha kuti, "Zaka zonsezi ndakutumikirani, lero mwandiyanika ngati sokosi."

Telala anatsitsa la Chipwitikizi. Linali lowonda ngati tsamba la nsungwi.

"Ili silinadye chilichonse. Mumve bwino, bambo: lilime limadya mawu. Mulidyetse m'mawa ndi madzulo, apo ayi lidzangogona m'kamwa ngati chigamba."

Analisoka pansi penipeni. Pamwamba pake anasanjika la Chifalansa, kenaka la Chigiriki, la Chijeremani, ndi la Chitchaina pamwamba pa onse. A Mkwapatira anagoneka mutu pansi pa singano, kukamwa kuli yasa, makina akulira, ndipo makinawo anali kuimba okha kuti, "Ichi chakoma, ichi chakoma, ichi chakoma," osamaliza mwambiwo, pakuti aliyense amadziwa mmene pusi anagwera.

Ali chigonere choncho, pamsewu panadutsa mayi wonenepa atasenza dengu la mango.

"Ndine Januwale, bambo. Tolani mawu awiri okha m'dengumu mudyetse lilime la pansilo. Ndikupita."

A Mkwapatira anayesa kutambasula dzanja, koma mkono wa jekete unauma ngati mtengo.

"Chaka nchachitali, mayi," linatero jekete. "Bwana akusokedwa. Pitani."

Ndiye panadutsa kamunthu kakafupi kakuthamanga ndi mbale ya bowa.

"Febuluwale ine! Mugula? Sindichedwa, ndine wamfupi!"

"Tidzagula kwa mnzako."

Malichi anadutsa atanyamula mondokwa paphewa, ndipo sanapereke nkomwe moni. Anangoyang'ana a Mkwapatira, anayang'ana jekete, nalavula pansi. Telala anadula ulusi ndi mano, ndipo nthawi yomweyo belu la Pasaka linalira.

Mwadzidzidzi khonde la telala linasanduka chipinda chochezera cha a Mkwapatira. Mipando inali itayalidwa monga tsiku lija la mlandu. Ndaziona anali pamphasa mutu uli pansi, Selesite ali pamiyendo pake. Chitseko chinatseguka, ndipo analowa a Mabunda, munthu wamtali waimvi, akumwetulira ndi mtima woyera wa munthu amene sadziwa kuti ananamizidwa. Pamutu anasenza kabedi katsopano konunkha vanishi. Pambuyo pawo panali Armindo.

"Apongozi, mwaswera bwanji? Musavutike, ine ndimasulira monga kale."

Anakhala pakati pa ankhoswe awiriwo. Diso lake limodzi linatembenukira kwa a Mabunda, lina kwa a Mkwapatira, zala zinagwirana ziwiriziwiri, mchira unapindika kuseri kwa mpando, ndipo anasanduka bilimankhwe. Mbali yoyang'ana kwa a Mkwapatira inali ya mtundu wa jekete lawo, mbali inayo ya mtundu wa malaya a a Mabunda.

A Mkwapatira anaimirira. Mtima unali kuwira. Lero, anaganiza, mkamwini uyu aona. Anakweza chala, anatsegula pakamwa kuti anene liwu limodzi lokana lija limene analumbirira.

Lilime la Chitchaina, pokhala pamwamba, ndilo linayamba. Linathokoza. Linathokozanso kachiwiri, ndipo linakoka khosi lawo mpaka anawerama.

"Apongozi akuthokoza kuti mwabwera kudzamutenga," anatero bilimankhwe, ndipo m'malotomo a Mkwapatira anamva bwinobwino chimene akuuza a Mabunda.

Anapukusa mutu mwamphamvu, nayesanso. La Chijeremani linalamula kuti sitima inyamuke pa nthawi yake.

"Akuti musachedwe, ulendo ndi wautali."

La Chigiriki linatchula madalitso a kumapeto kwa mapemphero.

"Akudalitsa ulendowo."

La Chifalansa linafunsa mwaulemu ngati chipinda cha alendo chili ndi madzi otentha.

"Akufunsa ngati mwana azikasamba bwino. Azikasamba, apongozi, musadandaule."

A Mabunda anagwira pamtima, misozi ili m'maso, nanena mawu ofatsa amene a Mkwapatira sanamve ngakhale limodzi. Bambowa anamenya tebulo. Anapondaponda pansi. Malilime anayi anayamba kukangana okhaokha m'kamwa, lililonse likufuna kutsogola, mpaka anapotana ngati chingwe cha mbuzi. Pansi pa onsewo la Chipwitikizi linali phee, lopsinjika.

Ndiye Ndaziona anadzutsa mutu, chinthu chimene sanachite pa mlandu woyamba.

"Amalume, yankhulani."

Anayesa. Panatuluka moni wa m'mawa wa mitundu inayi.

"Amalume, ine mwambo wanditseka pakamwa chifukwa pakamwa panga ndi inu. Amayi anandisiya m'manja mwanu. Nenani Chichewa chomwecho, ngakhale asamve, aone nkhope yanu."

Anafufuza m'kamwa ndi chala. Lilime la Chichewa linali litatsala pawaya wa telala.

A Mabunda anatsitsa kabedi kaja pansi, ananyamula Selesite mosamala, namukhazika pamenepo. Mwadzidzidzi miyendo inayi ya kabediko inapinda mawondo, inadzuka, ndipo kanatuluka pakhomo kakuyenda ngati mwana wa ng'ombe. A Mabunda anatsatira akugwedeza dzanja, bilimankhwe ali paphewa pawo.

"Agogo, mubwera?" anafunsa mwanayo ali pabedi.

A Mkwapatira anathamanga. Msewu wa ku Chilomoni unasanduka msewu wa ku Mwanza, mapiri akudutsa ngati mitolo ya udzu. Jekete linali kulemera pa sitepe iliyonse.

"Bwana, mkulu wa mpingo sathamanga pamsewu. Anthu akuona."

"Livuleni!" zinakuwa nsapato. "Takhala tikunyamula inu ndi ilo lomwe!"

Analivula, nalitaya mu ngalande, ndipo linatsala likufunsa achule ngati amudziwa bwana wake. Akuthamanga choncho, analowetsa dzanja m'kamwa nazula lilime la Chitchaina. Linagwa pamsewu likuthokoza. Anazula la Chijeremani, la Chigiriki, la Chifalansa, ulusi ukuduka, ululu ukufika m'makutu. Kabedi kanali patsogolo, kakukwera chitunda, kakutsika, ndipo kamutu ka Selesite kanali kuchepa.

Anafika pamalire a dziko. Panali chipata chachitsulo, ndipo kabedi kanali katawoloka kale, kataima tsidya linalo. A Mabunda anatembenuka. Ataona munthu wamkulu wopanda jekete, thukuta lili chuchuchu, magazi ali pamlomo, kumwetulira kwawo kunazima. Anachotsa bilimankhwe paphewa namuika pansi. Anabwerera mpaka pachipata, anagwira zitsulo, natchera khutu. Kwa nthawi yoyamba panalibe munthu pakati pa ankhoswe awiriwo. A Mabunda anali okonzeka kumva.

M'kamwa mwa a Mkwapatira munatsala lilime limodzi, loyenera lija. Analidzutsa. Linagwedezeka pang'ono, lofooka, nkuyankhula kwa iwo okha m'kati mwa mutu.

"Mukufuna ndinene chiyani, bambo?"

"Kana! Ungokana basi! Liwu limodzi!"

"Liti? Munandidyetsa liti? Januwale anabwera ndi dengu. Febuluwale anabwera. Ine ndimanena zimene ndadya, ndipo sindinadye kanthu."

A Mabunda anadikira. Anadikirabe. Kenaka anakweza mapewa mwachisoni, natembenuka. Mlonda wa pachipata, amene anali atasanduka kale nungu, anayamba kukhoma loko ndi mwala. A Mkwapatira anagwira zitsulo nakuwa ndi mphamvu zawo zonse, koma pakamwa panatuluka mpweya wokha, ndipo mwala unali kugunda pachitsulo: nge, nge, nge.

Nge, nge, nge.

Anatsegula maso. Kunja kunali kutayera, ndipo phokosolo linali kuchokera kukhitchini. Anagwira lilime lawo ndi zala. Linali limodzi, lakale lomwe lija. Anadzuka osavala nkomwe nsapato.

Kukhitchini anapeza Selesite atakhala pansi, chitini cha shuga chili pakati pa miyendo, akumenya chivindikiro ndi supuni kuti chitseguke. Atawaona anabisa supuni kumbuyo.

A Mkwapatira, munthu amene sagwadira mwana, anagwada pa simenti yozizira.

"Selesite, usaope. Tandiuza. Bambo ako akakupeza ukutsegula shuga chonchi, amati chiyani m'chiyankhulo cha kwawo?"

Mwanayo anakwinya nkhope, anakweza kachala, nakagwedeza pamphuno pawo.

"Nawu!"

"Nawo."

"Osati choncho, agogo! Zizitulukira m'mphuno."

Anayesanso. Mwana anaseka mpaka anagwa chagada. Anayesa kachitatu, ndipo Selesite anavomera ndi mutu ngati mphunzitsi wovuta kukhutira. Ndaziona anali ataima pakhomo, chitenje chili pachifuwa, akuyang'ana amalume ake ali chogwada.

"Amalume, liwu limodzi loti ayi silikwana pa mlandu."

"Ndikudziwa, mwana wa mlongo wanga. Lero lomwe undifunire mphunzitsi wa Chipwitikizi amene si mbale wa mwamuna wako. Lamulungu likubwerali ndikaimirira m'tchalitchi ndikabweze malonjezo anayi aja, aseke amene akufuna kuseka."

"Nanga a Chikakuda?"

"A Chikakuda alibe mwana amene akumukhomera bedi ku Maputo."

Anatenga chitini chija, anachitsegula ndi chala chachikulu, natapa shuga pang'ono pa supuni.

"Tsopano, mayi mphunzitsi, malipiro ndi awa. Nanga akafuna kunena kuti khala pompano, amati chiyani?"